Chingwe cha Thanga Si cha Ng'ombe

Towela mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola, pa kampando kaja kotsimphina, ndipo ndikulemba kukadali kowala chifukwa maso angawa dzuwa likapendeka sagwiranso ntchito. Iwe uli m'nyumba ndi amayi ako, mukupinda zovala. Ndikukumvani mukuseka. Ndikalowa ine kusekako kutha, ndiye ndasankha kukhala kuno. Chiyambire m'mawa uja sunandiyankhule, ndipo inenso ndatopa ndi kukangana. Ndatopa ndithu. Pakamwa panga mawu amatuluka ngati ndikukalipa ngakhale pamene ndikupempha, choncho mwina pepala lindithandiza. Zilembo zikakhala zokhotakhota usadabwe, ukulidziwa dzanja limene lagwira cholemberachi.

Mawa ukukwera galimoto yopita ku boma la Lundazi, kenako Chipata, Lusaka, mpaka ku Tanzania kumene kuli nyanja ya mchere. Banja lija la boti la matanga, limene linadya zophika zako ku loji n'kukukonda, lakulemba ntchito. Sindikukuletsa. Ndinayesa kuletsa mwezi watha, amayi ako anandikhazika pansi, ndipo ndinagonja monga ndimagonjera nthawi zonse. Za amuna, za mowa, za kupemphera ndi za kulemekeza mabwana akuuza kale iwowo, ndipo amadziwa kuzinena bwino kuposa ine. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya zingwe.

M'mawa uno pamene umatulutsa ng'ombe yathu Jamani m'khola, ndinaona chingwe chake utachikulunga pa dzanja mpaka pa mkono, monga umachitira masiku onse. Ndinakuwa mokweza kuposa mmene ndimafunira, mpaka nkhuku zinabalalika. Iwe unandiyang'ana n'kunena kuti, "Adada, mwayamba futi. Ine niyenda kukaphika, osati kukadonsa nthambo." Unanena zoona, koma theka. Pa boti laling'ono palibe munthu wophika yekha. Mphepo ikasintha, mwini boti adzakhala pa chiwongolero, mkazi wake atagwira ana, ndipo dzina limene lidzaitanidwe ndi lako. Adzakuponyera chingwe osafunsa ngati unaphunzira. Inenso ku Siavonga, nditathawa ntchito yopha nsomba za kapenta, anandilemba kuti ndizitsuka mbale ndi kukolopa pa boti lonyamula alendo pa nyanja ya Kariba. Mwezi usanathe ndinali ndikukoka zingwe.

Ndiye tamvera, ngakhale ukhale utakwiya. Pa boti lotere pamagwira ntchito matanga awiri nthawi imodzi, lina kumbuyo kwa mlongoti, lina kutsogolo. La kumbuyo lisiye, limenelo mwini wake amaliyang'anira yekha. La kutsogolo ndiye lidzakhala lako. Pa kona yake ya m'munsi, yoloza kumbuyo, pamamangidwa zingwe ziwiri, china chodzera kumanja kwa boti, china kumanzere. Chilichonse chimadutsa pa kagudumu kamene kamatsetsereka pa kanjanji ka m'mbali mwa boti, kenako n'kufika pa winchi, chitsulo chozungulira chonga chitini cha penti, pafupi ndi pokhala woyendetsa. Nthawi zonse chingwe chimodzi chimakhala chikukoka, chinacho chili lende, kudikira kuti boti likhote. Chokokacho usachione kuonda. Mphamvu imene ili mmenemo ndi ya ng'ombe zingapo zokoka pamodzi, ndipo ng'ombe zimenezo sungaziimitse ndi mluzu.

Boti lathu linali ndi matanga atatu a kutsogolo, lililonse m'thumba lake. Panali lalikulu, lotchedwa jenowa, la masiku a mphepo yaulesi, lopitirira mlongoti mpaka kumbuyo. Panali lapakati, jibu, la masiku wamba. Ndiye panali kakang'ono kolimba ngati chikumba, ka namondwe. Woyendetsa boti anali a Mudenda, Mtonga wa kuchigwa komweko, munthu wosakonda kubwereza mawu. Tsiku loyamba anandiuza kuti thanga lililonse lili ndi njira yake ya chingwe ndi malo ake a kagudumu. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Ndinali mnyamata wa ku Magodi wodziwa kumanga goli ndi maso otsinzina, ndipo mumtima ndinkati chingwe ndi chingwe basi.

Tsiku lina mphepo itachepa anandituma kuti ndichotse jibu n'kuika jenowa. Mlongoti umagwidwa ndi mawaya ochokera pamwamba kutsikira m'mbali mwa boti. Pa boti lathu zingwe za jibu zinkadzera mkati mwa mawayawo, za jenowa kunja. Ine ndinangotsata njira imene ndinapeza, n'kudzeretsa mkati. Poyamba zonse zinaoneka bwino, alendo akujambula zithunzi. Titakhota, thanga linadzaza mphepo, chingwe chinalikokera pa waya, ndipo ndinamva kulira konga kwa nsalu akamaing'amba m'sitolo. Jenowa inang'ambika kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Ulendo wonse wotsala tinauyenda ndi injini, alendo amene anabwera kudzamva bata akupuma utsi wa dizilo. A Mudenda sanakalipe. Anandipatsa singano yaikulu ndi ulusi wokhuthala, ndipo ndinasoka mpaka zala zinatupa, pa nthawiyo zikadali zonse. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Maboti amasiyana, lanu likhoza kukhala ndi njira ina. Ukafika ufunse kuti thanga lililonse chingwe chake chimadzera kuti, ndipo musanakweze uziyenda nacho ndi maso kuchokera pa kona mpaka pa winchi.

Cholakwa china chinali cha kagudumu. Thanga likakhala lalikulu, kona yake imafika kumbuyo, ndiye kagudumu kayenera kukhala kumbuyo. Likakhala laling'ono, kagudumu kabwere kutsogolo. Zimamveka ngati za mwana wa giredi yoyamba, koma mafunde akamakuthira madzi kumaso za giredi yoyamba zomwezo zimathawa. Mphepo itakula tinatsitsa jenowa n'kukweza jibu, ine kagudumu n'kukasiya pomwe kanali. Chingwe chinkakoka m'munsi mokha. M'munsi munauma gwa, pamwamba pakukupiza ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Mlongoti wonse unkanjenjemera, makapu m'kabati akugundana, mlendo wina atayamba kusanza. Ine poona kukupizako ndinkangowonjezera kupukusa winchi, poganiza kuti chikusowa ndi mphamvu. Kwathu kuno chinthu chikakana timawonjezera mphamvu, si choncho? A Mudenda anandisiya ndituluke kaye thukuta, kenako analoza kagudumu ndi chala cha kuphazi. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuyang'ana. Tsata chingwe ndi diso kuchokera pa kagudumu, kudutsa pa kona, ngati chikupitirira kulowa m'thangamo. Mzere umenewo uzikagwera cha pakati pa mphepete ya kutsogolo. Pamwamba pakamakupiza, kagudumu kapite kutsogolo. Pamwamba pakathina, m'munsi n'kutupa ngati thumba, kabwerere kumbuyo.

Pa chithunzi chija unandionetsa pa foni ndinaona kuti boti lanu thanga lake la kutsogolo ndi lokulunga pa waya ngati mphasa. Akuti masiku ano ambiri ndi otero, ndipo ndikuthokoza Mulungu, chifukwa sudzakwawira kutsogolo ndi thumba mafunde akukumiza monga tinkachitira ife. Koma usanyengeke. Thanga limodzi lomwelo likakulungidwa theka lasanduka laling'ono, ndipo kagudumu kayenera kulitsata kutsogolo. Posuntha uyambe ndi mbali imene chingwe chili lende. Ka mbali yokoka usakakhudze, chifukwa kakamasuka pamenepo kamathamanga pa kanjanji ngati mwala wa legeni. Dikira boti likhote, mbali imeneyo ipume, ndiye ukasunthe. Ndipo pa chilichonse chimene ukuchita, chingwe usachikulunge pa dzanja. Ndibwereza zimenezi mpaka utope nazo, pakuti ine ndatopa nazo kale.

Za mfundo ndinalakwa mwa Chingoni. Kuno timamanga ng'ombe ku nyanga ndi mfundo yoti ikamakoka iziwonjezera kuthina. Ndi mfundo yabwino, agogo ako anandiphunzitsa, ine n'kuphunzitsa iwe. Ndinamanga imeneyo pa kona ya jenowa, ndikunyadira kuti ya kwathu simasuka. Sinamasukedi. Mitambo itada cha ku Zimbabwe, tikufuna kusamutsira zingwe pa jibu mwachangu, mfundo ija inali itanyowa n'kulimba ngati fupa. Ndinailuma ndi mano, ndinaibaya ndi foloko ya alendo, koma ayi. A Mudenda anabwera ndi mpeni n'kudula zonse ziwiri. Zitafupika sizinakwanenso pa jenowa, chifukwa thanga lalikulu limafuna zingwe zazitali, zoti chija cha lende chizitha kuzungulira kutsogolo kwa mlongoti osathina. Mfundo ya kumeneko amaitcha bolini. Imagwira chingwe chikamakoka, koma ukaipinda msana ndi chala chachikulu imamasuka ngakhale itanyowa. Sindingathe kuijambula ndi mawu. Tsiku loyamba upemphe akuonetse, ndipo uimange mpaka uzitha osayang'ana. Kumchira kwa chingwe umangenso kamfundo koletsa, kuti chikapulumuka chikaime pa kagudumu m'malo mothawira m'madzi chonse.

Nditachita manyazi ndi mfundo ija ndinaganiza zochenjera. Ndinapeza ngowe yachitsulo m'bokosi la zipangizo n'kuimangirira ku zingwe, kuti posintha matanga ndizingokola ndi kukolola. Inagwira ntchito bwino kwa masiku angapo, ndipo ndinayamba kudziona ngati injiniya. Kenako tsiku lina ndili kutsogolo, boti likukhota, thanga linakupiza ndipo ngowe ija inandipeza pakamwa. Dzino lija umandiseka nalo, lotsala theka, mwini wake ndi ameneyo. Thanga likamakupiza kona yake imamenya chilichonse chimene chili pafupi, choncho pa kona pazikhala mfundo yokha, ndipo nkhope yako izikhala kutali.

Amayi ako atuluka kudzaanula zovala zotsala, andipeza ndikuwongola dzanja pa bondo. Akuti, "A Zimba, mwanayu akupita ku ntchito, sakupita ku nkhondo. Mukulemba buku?" Ndawayankha kuti andisiye, ndatsala pang'ono. Iwo ndi a ku Kasungu, anabwera kuno ndi dengu la malonda pamutu, ndipo kwa makolo awo anakula ndi khasu ndi fodya. Ng'ombe amaiopa mpaka lero. Amakukonda kuposa mmene ndingathere kulemba, koma sadziwa chimene chili m'manja mwako ndi mwanga. Amaona ngati ndikuchita nsanje kuti mwana akupita kumadzi kumene ine ndinachotsedwako. Mwina pang'ono, sindikana. Ntchito ija ndinkaikonda. Injini ikazima, thanga n'kudzaza bwino kuyambira pansi mpaka pamwamba, boti limayenda mwakachetechete moti umamva mvuu ikupuma kutali. Chibwerereni kuno sindinamvenso mtendere wotero, ndipo ndikufuna iwe ukaumve.

Iwe ndi ine tinakula ndi lamulo limodzi, lakuti chingwe cha ng'ombe sichitayidwa. Kuno munthu amene ng'ombe yamupulumuka amasekedwa mpaka nthawi yokolola, ku dibi, ku tchalitchi, ngakhale pa maliro. Ukukumbukira chaka chija Jamani asanazolowere goli, atadzidzimuka ndi njinga yamoto n'kukukwekweretsa chamimba m'munda wa mtedza, kuchokera pa chulu mpaka ku mpanda wa a Jere? Sunataye. Unadzuka mawondo ali magazi okhaokha, chingwe chili chikulungire pa mkono. A Jere, amene tayandikana nawo minda chibadwire, anaomba m'manja n'kunena kuti, "Zimba, mwana uyu ni mwanalume." Ine ndinayenda chotukula chifuwa, ndipo Loweruka lake ndinapalasa njinga mpaka ku msika wa Lundazi kukakugulira nsapato. Sindikunena kuti ndinalakwa. Mwana wamwamuna ndinalibe, ng'ombe zimafuna munthu wosataya, ndipo ndinali nditamupeza. Koma chimene ndinanyadira tsiku lija ndi chomwe chikundisowetsa mtendere lero.

Nkhani ya zala zangazi umaidziwa mwachidule. Uli wamng'ono ndinkakunamiza kuti inaluma ndi ng'ona, utakula ndinakuuza kuti ndi chingwe cha boti, ndipo iwe unaganiza kuti zinandichitikira chifukwa cha umbuli. Ayi. Ndinali nditakhala pa boti zaka zingapo. Zonse ndalembazi ndinkazidziwa, ndipo obwera kumene ndinkawaphunzitsa ndine. Lamulo la dzanja a Mudenda anali atandiuza kalekale, ndipo ndi lokhalo limene munthu wosabwereza uja ankabwereza. Ankati, "Zimba, nthambo ikakula mphamvu, ipatse winchi, olo itaye. Boti siilila." Ndinkawayankha kuti ndamva, ndipo ndinali nditamvadi.

Tsiku lake kunali kowala bwino, masana a mwezi wotentha. Tinali ndi jenowa, mphepo ili yaulesi, alendo atagona pa mthunzi wa thanga. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Madzi anada patsogolo pathu, ndipo a Mudenda anati titsitse jenowa tiike jibu mphepoyo isanatipeze. Analozetsa boti kumene kumachokera mphepo kuti thanga lipume. Ine poona lafooka ndinachotsa chingwe pa winchi, mofulumira pang'ono. Nthawi yomweyo mphepo inafika chammbali, thanga linadzaza, ndipo chingwe chinayamba kuthamanga m'manja mwanga. Mutu wanga unkadziwa chochita: tambasula dzanja, chileke chipite, kamfundo ka kumchira kachigwira, thanga lingokupiza basi. Koma dzanja silinafunse mutu. Linamva chinthu chikuthawa ndi chingwe, ndipo linachita zimene linaphunzira ku Magodi ndikadali ndi kabudula wong'ambika. Linapotoka, linakulunga, mwendo n'kuponda pansi kuti ndilimbe. Madzi saiwala khwawa, Towela, ndipo zonsezi zinachitika ndisanaphethire.

Jamani akakoka, munthu umakwekwereka pa dothi, pali malo oti upite. Pa boti palibe. Chingwe chinandikokera pa kagudumu, ndipo kabowo kake kamalola chingwe chokha. Kupweteka sindinakumve nthawi yomweyo. Ndinamva kaphokoso konga kothyola chinangwa chouma, kenako ndinaona a Mudenda atasiya chiwongolero, mpeni uli m'manja. Tinali kutali ndi doko, ndipo kuchipatala tinafika tsiku litapita. Zala ziwiri zinatsala komweko, chachitatu chinauma chokhota mpaka lero. Ntchito inathera pomwepo, pakuti munthu wosatha kumanga bolini alibe chochita pa boti. A Mudenda anandiperekeza ku basi, ndipo sitinaonanenso. Iwe unabadwa ndili kale chonchi, sunaonepo dzanja langa lamanja lili lathunthu. Linali labwino, la zala zazitali ngati lako.

Sindinadandaulepo pamaso pako, koma lero ndinena. N'zotopetsa. Lamulungu lililonse amayi ako ndi amene amandimanga batani la pakhosi. Kukama ndinasiya, ng'ombe zimandikana. Mpini wa khasu umanditerereka nthawi ya dzinja, ndipo m'mwezi wozizira zala zimene kulibezo zimawawa ngati zilipo. Mlendo akandipatsa moni amadzidzimuka kaye, kenako amayesetsa kuti asayang'ane. Ine ndinali ndi munda wa bambo anga wobwererako, ndipo khasu limalola ngakhale dzanja lopunduka. Iwe ntchito yako yonse ili m'zala. Kusenda, kudula anyezi, kukanda ufa wa buledi uja alendo anakukondera, zonsezo zimafuna zala zimene ine ndilibe. Ukazitaya, banja lija lidzakulira mowona mtima, kenako lidzalemba wophika wina.

Choncho pa winchi uzichita motere. Chingwe chizungulire mbali imene wotchi imayendera, katatu mphepo ikakhala yamphamvu. Katundu yense asenze winchi. Iwe ugwire kumchira kokha, manja patali ndi chitsulo, chingwe chitangogona m'chikhatho. Pomasula uike chikhatho chotambasula pa zozungulirazo, uzilola chitsetsereke pang'onopang'ono. Usachichotse pa winchi thanga lisanaleke kukoka, ngakhale lioneke ngati lagona. Usaponde pakati pa chingwe chounjikidwa pansi. Chibangili chija anakupatsa azakhali ako uchivule, uchisunge m'chikwama. Ndipo chingwe usachikulunge pa dzanja, kaya pa thanga lalikulu, kaya pa kakang'ono ka namondwe, kaya kuli bata lotani. Chikakuposa mphamvu, chitaye. Thanga lidzakupiza, phokoso lidzakhala loopsa, mwini boti mwina adzakalipa, ndipo mwina thangalo lidzang'ambika. Thanga limasokedwa, ndinasokapo ine.

Koma pamene ndikulemba ndikudziwa kuti zonsezi zikulowa m'mutu, ndipo mutu si umene ndikuuopa. Mutu wako ndi wabwino, unapambana nawo mayeso ku Chipata, ndipo za kagudumu ndi mawaya udzazigwira msanga kuposa ine. Ndikuopa dzanja. Chiyambire uli wamng'ono silinatayepo chingwe ngakhale kamodzi, ndipo silidziwa kuti kutaya kumamveka bwanji. Ukhoza kuwerenga pepalali mpaka kuliloweza, ukhoza kundilonjeza utagwira Baibulo, koma tsiku limenelo dzanja silidzakufunsa. Ndaganiza za zimenezi usana wonse ndikupalira ku dimba, ndipo ndapeza chinthu chimodzi chokha chimene ndingathe kuchita nthawi yatsalayi.

Mawa m'mawa, tisanamange ngolo yonyamula katundu wako kupita ku msewu, Jamani umutulutse ndiwe. Chingwe uchigwire chongogona m'chikhatho. Udutse naye njira ya ku dambo, pamene amayi amadzera popita ku mjigo, pamene a Jere amakhala pakhonde ndi wailesi yawo. Ine ndidzakhala kumbuyo ndi chitini, ndipo ndidzachimenya. Sindikuuza kuti ndi pati. Jamani adzadumpha, umamudziwa. Pamenepo utambasule dzanja, umuleke apite. Adzathamangira ku dimba la a Jere kumene repu wafika pothyola, ndipo mlandu umenewo ndi wanga, ndidzaukamba nawo iwe utapita. Anthu adzaseka. Adzati mwana wa Zimba wotchuka uja ng'ombe yamupulumuka pa tsiku lake lonyamuka, ndipo adzainena mpaka kukolola. Iwe udzakhala uli m'basi. Kusekako kudzatsala ndi ine, ndipo ine makutu anayamba kale kugontha. Ndikudziwa kuti kamodzi sikangafafanize zaka zonsezi. Koma dzanja lidzakhala litalawako, ndipo maso anga adzakhala ataona kuti lingathe.

Ndikudziwanso kuti ndikupempha chinthu chovuta. Dzina limene uli nalo m'mudzi muno unalipeza ndi mawondo ako, ndipo ine amene ndinalinyadira kuposa onse ndi amene ndikuti ulitaye pamaso pa anthu. Ukakana, kapena chitini chikalira dzanja n'kukulunga lokha, sindidzakalipa. Mphamvu zokalipira zandithera. Ndidzamanga ngolo, ndidzakuperekeza mpaka ku msewu, ndipo chikwama chako ndidzakweza ndine. Koma potsanzikana ndikakupatsa dzanja, usachotse lako msanga chifukwa cha manyazi ndi anthu a m'galimoto. Dalaivala aziimba huta mmene angafunire. Undilole ndiligwire kaye bwinobwino, likadali ndi zala zake zonse.

Ndine adada ako, amene akudikira kukhola mawa kukacha,
Zimba